Musanagulitse ng'ombe, funsani dzina la khoti ndi nambala ya mlandu

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi makolo komanso achibale a kuno ku Kasungu amene ana awo ali ku America. Uthenga umafika pa WhatsApp usiku: mwana wanu wamangidwa, mlandu uli kukhoti, pakufunika ndalama ya belo kapena ya loya sabata isanathe. Ngati ndi nyengo ya fodya, mabelo atapita kale ku Chinkhoma, ndalama imachoka tsiku lomwelo. Ngati si nyengo yake, ng'ombe kapena matumba a chimanga ndi amene amapita. Uthenga wotere nthawi zina umakhala woona, nthawi zina umakhala wa akathyali, ndipo banja limene lili ku Santhe kapena ku Chamama limaganiza kuti palibe njira yodziwira. Njira ilipo. Milandu ya m'makhoti a boma lalikulu la America imalembedwa pa intaneti, ndipo munthu wamba akhoza kuiwerenga ali konkuno, kawirikawiri osalipira kanthu.

Choyamba kumvetsa n'chakuti makhoti a ku America sali ngati athu. Kuno mlandu umayambira kwa majisitireti pa boma, n'kupita ku High Court, n'kukathera ku Supreme Court of Appeal, ndipo onsewa ndi a boma limodzi. Kumeneko kuli mizere iwiri. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50, monga Indiana, Texas kapena Maryland, chili ndi makhoti akeake. Pambali pa amenewa pali makhoti a boma lalikulu, otchedwa a federal: makhoti 94 oyambirapo milandu otchedwa district court, makhoti 13 a apilo, ndi Supreme Court ku Washington. Milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku, yoyendetsa galimoto utaledzera, ndewu ya m'banja, kuba m'sitolo, kusudzulana, kulimbirana ana, chuma cha masiye, imapita kumakhoti a zigawo. Ku federal kumapita milandu yophwanya malamulo a dziko lonse: chinyengo cha pa intaneti kapena cha kubanki, kulandira ndi kutumiza ndalama zakuba m'malo mwa anthu ena, kunama pa mapepala a viza, ukwati wachinyengo wofunira mapepala, kuzemba msonkho wa boma lalikulu, kubwereranso m'dzikomo munthu atathamangitsidwa kale. Nkhani za anthu ndi makampani amene ngongole zawakanika kubweza zimapitanso ku federal. Amene sasiyanitsa mizere iwiriyi amafufuza pa khomo lolakwika, ndipo akapanda kupeza kanthu amathamangira kunena kuti mwana akunama.

Nkhokwe ya milandu ya federal imatchedwa PACER. Inayamba mu 1988 ndipo imayendetsedwa ndi ofesi yoyang'anira makhoti a federal. Keyala yake ndi pacer.uscourts.gov. Yang'anitsitsani kuti keyalayo ikuthera ndi uscourts.gov, chifukwa pali masamba ena a anthu amalonda amene amaoneka ngati a boma koma amalipiritsa ndalama zambiri pa zinthu zomwezo. Mukafika, sankhani polembetsa akaunti, kenako mtundu wa akaunti yongofufuzira milandu, osati ya maloya. Adzakufunsani dzina, tsiku lobadwa, keyala, imelo ndi mafunso awiri achinsinsi. Kulembetsa n'kwaulere. Mukaikapo khadi la kubanki monga la Visa, akaunti imayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo. Mukapanda kuika khadi, amatumiza nambala yotsegulira kudzera pa positi, ndipo ngakhale mkati mwa America kalatayo imatenga masiku 7 mpaka 10 ogwira ntchito. Kuti idzafike pa positi ofesi ya Kasungu, mlandu udzakhala utayenda kale. Ndiye ngati mulibe khadi lotha kulipira kunja, ndi bwino kupempha wachibale wodalirika wa ku Lilongwe amene ali nalo, kapena munthu wina wa kumpingo amene ali ku America komweko, koma asakhale yemwe uja wakutumizirani uthenga wopempha ndalama.

Za malipiro tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene anthu amaopa popanda chifukwa, ena n'kudzipweteka popanda kudziwa. Tsamba limodzi la chikalata ndi masenti 10 a dola. Chikalata chimodzi sichipitirira madola 3, ngakhale chikhale ndi masamba 200, chifukwa amawerengera masamba 30 oyamba okha. Bilu imatuluka pa miyezi itatu iliyonse, ndipo ngati pa miyezi itatuyo mwagwiritsa ntchito madola 30 kapena kucheperapo, bilu yonse imakhululukidwa. Ndiye kuti muli ndi masamba 300 aulere pa miyezi itatu, okwanira kutsatira mlandu umodzi bwinobwino. Koma mukapitirira ngakhale ndi tsamba limodzi lokha, mudzalipira ndalama yonse, osati yapamwamba yokhayo. Lembani m'kope zimene mwawononga tsiku lililonse. Zigamulo zolembedwa ndi majaji zofotokoza zifukwa zawo n'zaulere. Mawu ojambulidwa m'khoti, pamene alipo, ndi madola 2.40 pa failo.

Misampha yake ndi iyi. Malire a madola 3 aja sakhudza zotsatira za kufufuza ndi dzina, ndiponso sakhudza zikalata zolemba mawu onse amene analankhulidwa m'khoti, zimene zimatha kufika masamba mazana. Kufufuza kumene sikunapeze kanthu kumadyabe masenti 10. Chikalata chikakhala ndi zomatira zisanu, chomatira chilichonse chimawerengedwa pachokha. Ndipo mukatsegula chikalata lero, n'kudzachitsegulanso mawa, mulipira kawiri. Musanatsegule chikalata, kompyuta imakuonetsani chiwerengero cha masamba ndi mtengo wake. Werengani kaye, ndipo chikatseguka chisungeni nthawi yomweyo mu foni kapena mu fulashi. Kuno netiweki imaduka pakati pa ntchito, choncho musadinedine batani kangapo poganiza kuti silinamve. Dikirani. Amene mukugwiritsa ntchito kompyuta ya pa malo otayipira makalata, tulukani mu akaunti musananyamuke, chifukwa wobwera pambuyo panu akafufuza zake, bilu ndi yanu.

Tsopano kufufuza kwenikweni. Ngati simukudziwa khoti, yambirani pa PACER Case Locator, mndandanda wa milandu ya makhoti onse a federal. Mndandandawu umawonjezeredwa kamodzi pa tsiku, kotero mlandu wolembedwa lero mwina uoneka mawa. Lembani dzina la bambo kapena la mtundu m'bokosi lake, dzina loyamba m'bokosi lake, monga momwe zilili mu pasipoti. Dzina la kumudzi, la ubatizo limene silili mu pasipoti, kapena mfunda umene timaitanirana pano sizithandiza. Chenjerani ndi dzina la Banda: ku Texas ndi zigawo zoyandikana nazo kuli anthu ambiri ochokera ku Mexico amene dzina lawo ndi Banda, ndiye mukalemba dzina limeneli lokha mudzalandira masamba ambirimbiri olipira, opanda m'bale wanu. A Phiri, a Mwale ndi a Tembo aliponso a ku Zambia. Chepetsani pofufuza: sankhani chigawo, sankhani milandu ya upandu yokha, ndipo ikani masiku, mwachitsanzo miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Mukapeza dzina lofanana, musafulumire kulira maliro. Dzina lokha si umboni woti ndi iyeyo. Onani mzinda, chaka ndi mtundu wa mlandu.

Njira yachidule komanso yotsika mtengo ndi nambala ya mlandu. N'chifukwa chake funso loyamba kwa aliyense wopempha ndalama likhale lakuti: khoti lake ndi liti, ndipo nambala ya mlandu ndi chiyani? Nambala ya federal imaoneka motere: 3:24-cr-00123. Nambala yoyambayo ndi ofesi ya khotilo. Ku khoti la kumpoto kwa Indiana, 3 ndi South Bend, mzinda umene kuli Amalawi ambiri. 24 ndi chaka cha 2024. Zilembo cr zikutanthauza mlandu wa upandu, cv mlandu wa pakati pa anthu kapena mabungwe, ndipo mj ndi mlandu umene udakali poyambira m'manja mwa majisitireti wa federal. Manambala otsiriza ndi mzere wake m'chakacho, ndipo nthawi zambiri kumapeto kumakhala zilembo za dzina la jaji. Nambala yomweyo ikhoza kupezeka ku makhoti angapo, n'chifukwa chake dzina la khoti n'lofunika. Texas yokha ili ndi makhoti anayi a district. Munthu amene alidi ndi mlandu, kapena loya wake, nambalayi amakhala nayo pamwamba pa pepala lililonse. Amene akuzungulirazungulira mukamufunsa nambala, koma nambala ya akaunti yolandirira ndalama akuitchula mosajejema, mwamudziwa kale.

Mlandu ukapezeka, tsegulani chimene amachitcha docket. Ndi kaundula wa zonse zimene zachitika, tsiku ndi tsiku, chilichonse ndi nambala yake. Kumwamba kuli dzina la wozengedwa, milandu imene akuyankha, imene yathetsedwa, ndi zotsatira zake. Pomwepo pali dzina la loya wake, keyala, foni ndi imelo, ndipo pansi pa dzinalo pali mawu ofunika kwambiri kwa banja. Akalemba Retained, loyayo ndi wolembedwa ntchito ndi wozengedwayo, ndiye za malipiro n'zomveka. Akalemba Public Defender kapena CJA Appointment, loyayo wapatsidwa ndi khoti chifukwa wozengedwa alibe ndalama, ndipo amalipidwa ndi boma motsatira lamulo la 1964. Mukaona mawu amenewa koma wina akukuuzani kuti loya akufuna madola 5,000, imani kaye, mulembere loyayo pa imelo imene ili pa docket, osati imene mwapatsidwa pa WhatsApp. Loya sangakuuzeni zinsinsi za mlandu popanda chilolezo cha mwini wake, koma akhoza kukuuzani ngati pali ndalama iliyonse imene ofesi yake ikufuna.

Nkhani ya belo nayonso imaonekera pomwepo. Ku federal, munthu akaonekera koyamba pamaso pa majisitireti, khoti limagamula kuti atuluke pa malamulo ena kapena asungidwe mpaka mlandu utazengedwa. Pa docket mudzaona lamulo lomutulutsa lokhala ndi zoyenera kutsatira, kapena lamulo lomusunga lotchedwa Order of Detention. Ngati ndi lachiwirili, palibe ndalama imene ingamutulutse, ngakhale mutagulitsa khola lonse. Chimene chingasinthe zinthu ndi pempho la loya kwa jaji. Ngati ndi loyambalo, kawirikawiri belo yake imakhala yongosainira lonjezo, ndalama n'kudzafunika pokhapokha akathawa. Pamene khoti lalamula ndalama yeniyeni, kuchuluka kwake kumalembedwa m'lamulolo, ndipo imaperekedwa ku ofesi ya kalaliki wa khoti. Khoti la federal silitumiza uthenga pa WhatsApp, ndipo silifunsa ndalama kudzera mu akaunti ya foni ya munthu kapena makhadi ogulira zinthu m'sitolo.

Powerenga masiku samalani. Iwo amayamba ndi mwezi: 03/04/2025 ndi pa 4 Malichi, osati pa 3 Epulo. Kulakwitsa apa kumachititsa banja kuganiza kuti kwatsala mwezi wathunthu pamene tsiku ladutsa kale. Mawu angapo n'ngoyenera kuwadziwa. Complaint ndi indictment ndi zikalata zoimba mlandu. Zimanena zimene boma likuti munthuyo anachita, si chigamulo. Plea agreement ndi pangano limene munthu wavomera mlandu. Judgment ndiye chigamulo chenicheni, chokhala ndi miyezi ya kundende ndi ndalama zobweza. Terminated sikutanthauza kuti wapambana, kumangotanthauza kuti failo yatsekedwa. Ndipo mlandu wa mj ukatsekedwa, nthawi zambiri umakhala kuti wasamukira ku nambala yatsopano ya cr. Musagule zikalata zonse. Pa mlandu wa upandu, chikalata choimba mlandu, lamulo la belo, pangano lovomera ngati lilipo, ndi chigamulo, zimakupatsani nkhani yonse pa madola osapitirira 12.

Tinene motsindika: zikalatazi si zoti zizungulire m'magulu a WhatsApp a m'mudzi kapena a kumpingo. Munthu woimbidwa mlandu sanapezeke wolakwa, ndipo milandu ina imathetsedwa. Mbiri ikaipa kwa a mfumu ndi kwa apongozi, chigamulo chomumasula sichiyenda mtunda umene mphekesera inayenda.

Pali zimene simudzaziona ngakhale mutalipira. Mlandu ukhoza kukhala wobisidwa ndi lamulo la jaji, makamaka munthu asanagwidwe, ndipo suoneka n'komwe pofufuza. Milandu ya ana siionetsedwa. Lipoti la mbiri ya munthu limene jaji amawerenga asanapereke chilango n'lachinsinsi. Zikalata za mawu olankhulidwa m'khoti zimakhala masiku 90 zisanatsegulidwe pa intaneti kwa anthu wamba. Malamulo amafunanso kuti tsiku lobadwa lilembedwe chaka chokha, mayina a ana alembedwe zilembo zoyamba zokha, ndipo manambala a akaunti ya kubanki aoneke anayi otsiriza okha. Zikalata za milandu ya upandu zolembedwa isanafike 1 Novembala 2004 sizitsegukira anthu wamba pa intaneti, ndipo mafailo akale kwambiri ali m'nkhokwe za National Archives, kumene amaitanitsidwa polipira.

Chimene chimasokoneza mabanja ambiri a kuno ndi nkhani ya mapepala okhalira m'dzikomo. Munthu amene viza yake inatha ndipo wagwidwa ndi a zolowa ndi kutuluka, mlandu wake suli pa PACER. Makhoti a immigration ali pansi pa unduna wa zachilungamo wa dzikolo, m'nthambi yotchedwa EOIR, ndipo ali ndi tsamba lawolawo laulere, acis.eoir.justice.gov. Kumeneko safufuza ndi dzina koma ndi A-number, nambala ya manambala 9 imene ili pa mapepala ake. Ikakhala ya manambala 8, ikani 0 kutsogolo. Tsambalo limaonetsa tsiku lokaonekera kukhoti, malo ake ndi chigamulo ngati chaperekedwa. Kuti mudziwe kumene akusungidwa, pitani pa locator.ice.gov, mulembe A-number ndi dziko lobadwira, kapena dzina monga momwe linalembedwera ndendende pamodzi ndi dziko lobadwira. Chilembo chimodzi chikasiyana, sapezeka, ndipo osakwana zaka 18 saonetsedwa. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi milandu ya upandu: ku khoti la immigration boma silipereka loya waulere, ndipo belo, kwa amene aloledwa, imayambira pa madola 1,500 kupita m'mwamba. Ndiye pempho la ndalama pa nkhani yotereyi likhoza kukhala loona, koma A-number ikhale m'manja mwanu kaye. Nthawi zina loya amakasuma ku district court kutsutsa kusungidwa kwa munthuyo. Pamenepo docket ndi chigamulo cha jaji zimaoneka pa PACER, koma zikalata zina za mlandu wotere sizitsegukira anthu akutali.

Amene anagamulidwa kale ndipo ali kundende ya federal amapezeka pa tsamba la bop.gov, pamalo ofufuzira akaidi, limene lili ndi mayina kuyambira 1982 ndipo limaonetsa ndende ndi tsiku loyembekezeka kutuluka. Ngati mlandu ndi wa chigawo, fufuzani tsamba la makhoti a chigawocho. Ku Indiana ndi mycase.in.gov, laulere ndiponso losafuna akaunti. Zigawo zina zimasiya nkhaniyi m'manja mwa maboma ang'onoang'ono otchedwa county, choncho muyenera kudziwa mzinda umene munthu anagwidwira. South Bend ili mu St. Joseph County.

Amene alibe khadi kapena akuopa bilu ayambire pa CourtListener, tsamba la bungwe losachita malonda la Free Law Project. Lili ndi nkhokwe yotchedwa RECAP, imene inayamba mu 2009: anthu amene agula zikalata pa PACER amazisiya kumeneko kuti ena aziwerenge ulere. Simufunika akaunti kuti mufufuze. Koma nkhokweyi ili ndi zokhazo zimene wina anagulapo kale, ndiye milandu yotchuka imakhala yodzaza, pamene mlandu wa mwana wa ku Nkhamenya mwina uli ndi mutu wokha kapena mulibe n'komwe. Yang'ananinso tsiku limene docket inawonjezeredwa komaliza, chifukwa ikhoza kukhala ya miyezi itatu yapitayo. Zigamulo za majaji zimapezekanso ulere pa govinfo.gov, ndipo milandu ya Supreme Court ili pa supremecourt.gov, osati pa PACER. Musaiwalenso kuti loya wa pa mlandu amalandira chikalata chilichonse chatsopano pa imelo ndipo amaloledwa kuchitsegula kamodzi ulere pa masiku 15, choncho m'bale wanu akhoza kumupempha kuti akutumizireni popanda mtengo.

Mukakhala kuti mwafufuza monsemu osapeza kanthu, imbirani ofesi ya kalaliki wa khoti limene latchulidwalo, pa nambala yochokera pa tsamba la khotilo lothera ndi uscourts.gov. Ku South Bend, New York kapena Maryland nthawi imatsalira ndi maola 6 kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi maola 7 miyezi yotsalayo, ndiye imbani cha m'ma 4 koloko madzulo kuti muwapeze atatsegula. Ku Dallas, ku Texas, onjezerani ola limodzi. Konzeranitu dzina lolembedwa chilembo ndi chilembo komanso nambala ya mlandu, chifukwa mayunitsi oimbira kunja amatha msanga. Kalaliki adzakuuzani ngati nambalayo ilipo, dzina limene lili pa mlanduwo ndi tsiku lotsatira la khoti, koma saloledwa kupereka uphungu wa zamalamulo. Ndipo mukapeza mwayi wolankhula ndi womangidwayo, mukumbutseni kuti pangano la Vienna la 1963 limamupatsa ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ku Washington idziwitsidwe za kumangidwa kwake, koma ayenera kupempha yekha kwa amene amugwira kapena kudzera mwa loya wake.

Ife owerenga anu,
Kasungu Boma